Ndafika, Bambo a Jacob

A Peterson ndi munthu woti mungamudutse pa Limbe osamucheukira. Ndi wamfupi, amavala jekete labulauni lomwe laona maboma angapo, ndipo poyenda amayang'ana pansi ngati wataya kanthu. Pano anapuma pa ntchito, amakhala ku Chilomoni komwe anabadwira, ndipo Lamulungu ndi iwo amawerenga zolengeza kutchalitchi. Ine ndine Joan. Ndinagwira nawo ntchito zaka zambiri pa holoselo ina ya banja la a Adil ku Limbe, ine pa tebulo la sitoko, iwo ku makompyuta. Ndi munthu wabwino, ndinene kaye zimenezo, chifukwa kutsogoloku mumva ndikuwakalipira.

Bambo awo ankagwira ntchito kunjanji. A Peterson anayamba n'kukonza mataipilaita, kuzungulira maofesi a m'tauni ndi kachikwama ka zitsulo ndi kabotolo ka oyilo. Matipate atabwera, makompyuta nawo anayamba kulowa m'maofesi, mataipilaita n'kumaunjikidwa m'makona. Anzawo ambiri anasowa mtengo wogwira. A Peterson anagula buku lothothoka chikuto kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu, anapempha kompyuta yakufa ku ofesi ina, n'kumaiphwasula kunyumba mpaka anaidziwa matumbo ake. A Adil atawalemba ntchito, sanasunthenso.

Pa holoselo pathu panali kompyuta imodzi yaikulu, seva, yomwe inkakhala m'kachipinda kotentha kuseri. Pa matebulo athu panali sikirini ndi kiyibodi basi. Ukafika m'mawa unkalemba dzina lako ndi pasiwedi, n'kulowa. Tebulo lililonse linali ndi foda yake mu sevamo, ndipo mu fodamo munali kafayilo kobisika, dzina lake loyamba ndi kadontho, .profile. Ife tinkakatcha kodzutsa, chifukwa ndi komwe makina ankayamba kuwerenga munthu akangolowa: kankatsegula pulogalamu ya ntchito yako, kankasankha pulinta yako, kenako iwe n'kuyambapo. Todzutsa tonse a Peterson anatilemba pamanja, aliyense kake, ngati telala woyeza munthu asanadule nsalu. Enafe anatiphunzitsa kuwonjezeramo mzere wathuwathu. Morris wa ku dispachi, kotumizira katundu, anaika woti uzitamanda timu yake ya mpira. Wanga unkandikumbutsa kuti ndisakangane ndi madalaivala ndisanamwe tiyi, ngakhale sunathandize.

Pa tebulo la mainvoisi pankakhala Dailesi, mkazi wa a Peterson, mnzanga wapamtima. Mkazi wophwanyika kuseka, wosiyana kutalitali ndi mwamuna wake. A Peterson ankalawirira kudzadzutsa seva, pomwe Dailesi ankayamba waperekeza mwana wawo Jacob kusukulu, ndiye n'kukwera minibasi ziwiri kudzafika ku Limbe. Pa ntchito a Peterson ankachita manyazi kuyankhula ndi mkazi wawo. Tebulo lawo linali kumapeto, pafupi ndi khomo lopita kothira tiyi, ndipo Dailesi akalowa iwo sankadzutsa n'komwe mutu. Ndiye Dailesi anawakonzera. Anawafunsa mochenjera mmene munthu amatumizira uthenga pa sikirini ya mnzake, n'kukalemba yekha mzerewo m'kodzutsa kake. Kuyambira pamenepo, iye akangolowa, kompyuta ya a Peterson inkalira kamodzi, pamwamba n'kuoneka dzina la wotumiza, dailesi, ndipo pansi pake mawu akuti: "Ndafika, bambo a Jacob. Mwamwa mankhwala?" A Peterson anali a BP, ndipo mapiritsi ankawaiwala m'thumba la jekete. Tinkawaseka mpaka makutu awo kutentha, koma mzerewo sanauchotse.

Chakudza sichiimba ng'oma. Dailesi anadwala nthawi yadzinja, matenda osatenga nthawi, ndipo tinakamuika mvula ikugwa. Ine ndinalira mpaka mawu kutha. A Peterson sanagwetse msozi pagulu, anangoima atagwira dzanja la Jacob. Atabwerera ku ntchito anapitiriza monga kale, ndipo tonse tinati bamboyu ndi wolimba mtima.

Amene anayamba kuona zachilendo ndi Morris. Panali lamulo lina loti ukalilemba, makina ankaonetsa mayina a onse amene alowa tsikulo. M'mawa wina Morris analilemba pofuna kudziwa ngati mnzake wafika, ndipo pakati pa mayinawo panali dailesi, atalowa pa tebulo lake lomwe lija. Anatiitana tonse kuti tidzaone. Mpando unali wopanda munthu, koma sikirini inali yofunda. Mawa lake chimodzimodzi. Mayi wosesa anakana kupukuta tebulolo, ndipo anthu ankalilambalala ngati pali dzenje. Ine sindikhulupirira za mizukwa masana, koma ndinasiya kutsala ndekha mu ofesi nthawi yankhomaliro.

Tsiku lina ndinapeza lifiti ndipo ndinafika anthu asanabwere. Ndili pakhomo ndinaona a Peterson atakhala pa mpando wa Dailesi. Analemba dzina lake ndi pasiwedi yake, kenako anadzuka msangamsanga, pafupifupi kuthamanga, kudutsa matebulo onse kuti akapezeke pa mpando wawo. Kompyuta yawo inali italira kale. Anakhala pansi, anawerenga, anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kumwa piritsi popanda madzi. Ndinabwerera panja mwakachetechete n'kukaima pa ogulitsa nthochi mpaka anzanga atafika. Sindinauze munthu, ndipo zinandiwawa kuposa maliro aja.

Chaka chotsatira kunabwera Owais, mwana wa a Adil, atamaliza maphunziro kunja. Ankatsika ndi bambo ake pa galimoto kuchokera ku Namiwawa, malaya opinda manja, woyenda mothamanga. Sanali woipa mtima, anali wachangu chabe, ndipo nthawi zambiri ankanena zoona. Tsiku lina Morris, pofuna kukometsera mzere wa timu yake, anawononga kodzutsa kake. Pulogalamu ya dispachi inakana kutseguka ndipo malole anaima pageti mpaka masana. Owais anaitana a Peterson tonse tikumva.

"Ankolo, izi zithe. Mafayilo amenewa akhale ofanana onse. Owner akhale root, anthu azingowerenga, no editing. Ndipo amene anachoka, mayina awo achoke mu system."

"Onse, bwana?"

Owais anazindikira chimene chikufunsidwa. Anatsitsa mawu. "Pepani ankolo. Onse."

Apa ndifotokoze pang'ono mmene a Peterson anandifotokozera ineyo. Fayilo iliyonse mu seva ili ndi mwini wake, ndipo ili ndi chilolezo chonena amene angaiwerenge ndi amene angaisinthe. Lamulo lotchedwa chown limasintha mwini, lotchedwa chmod limasintha chilolezo. Root ndiye mwini wamkulu wa makina onse, ndipo kiyi wake anali ndi a Peterson ndi Owais okha. M'malo moyenda foda ndi foda pamanja, munthu amalemba malamulowo motsatana mu fayilo imodzi, sikiripiti, ndipo makina amayenda okha khomo ndi khomo ngati wowerenga mamita a madzi. Sikiripiti ya a Peterson ikafika pa foda inkafufuta kodzutsa kakale, kuikapo kofanana ndi ka aliyense, kupereka umwini kwa root, n'kutseka kuti tisakasinthenso. Timu ya Morris inathera pomwepo. Dzina la dailesi nalonso analichotsa monga anauzidwira. Koma mu sikiripitimo anaikamo kamzere kamodzi koti ikafika pa foda ya mainvoisi idumphe. Patebulopo panalibe munthu, ntchito yake tinkagawana, choncho palibe anazindikira.

Dzina litachoka, panalibenso njira yolowera ngati Dailesi. Ofesi inapuma, mayi wosesa anayambiranso kupukuta tebulo lija. A Peterson okha ndi amene anayamba kutha. Jekete linawakulira, ndipo ankatha kukhala nthawi yaitali manja ali pa kiyibodi osalemba kanthu.

Kenako a Adil analemba ntchito Afisa, mtsikana wa ku Bangwe, wofatsa, wovala mpango wake mwaudongo, amene anali atangokwatiwa kumene ndi telala wina dzina lake Sulemani. Tsiku limene anayamba, a Peterson anali kuchipatala kukayezetsa BP. Owais, posafuna kudikira, anamutsegulira yekha dzina n'kumulozera ku foda ya mainvoisi, poti zonse za ntchitoyo zinali momwemo. Fodayo inali yotseka, yoti mlendo ikanamukana, koma Afisa inamutsegukira popanda vuto.

M'mawa mwake ndinkadutsa pa tebulo la a Peterson ndi kapu ya tiyi pamene kompyuta yawo inalira. Ndinayang'ana mosaganiza. Pamwamba panalembedwa afisa, ndipo pansi pake: "Ndafika, bambo a Jacob. Mwamwa mankhwala?" Tiyi ananditayikira pa nsapato. Kutsidya kwa chipinda Afisa anali kukonza mapepala ake, osadziwa kanthu. A Peterson anali atagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri.

Atapezako mpweya anafufuza, n'kundiuza motsitsa mawu. Makina sadziwa mayina, amadziwa manambala. Dzina ndi chovala chabe chimene amaveka nambala kuti ife anthu tizimva. Atachotsa dzina la Dailesi, nambala yake inatsala yopanda munthu, koma mafayilo ake onse anali akadali a nambala imeneyo. Munthu watsopano akabwera, makina amam'patsa nambala yoyamba imene ili yopanda mwini. Afisa anapatsidwa ya Dailesi, ndipo chilichonse chimene chinali cha Dailesi chinamulandira ngati mwini wake.

"Ndiye kuti walowa dzina," ndinatero, pofuna kuti tiseke mantha achoke.

A Peterson sanaseke, ndipo ndinadandaula kuti ndayankhuliranji. Kwathu munthu akamalowa dzina la malemu, akuluakulu amakhala pansi, amamufunsa mwini wakeyo, iye n'kuvomera, ndipo kuyambira tsikulo abale amamuitana ndi kumulemekeza ngati malemuwo. Apa panalibe anakhala pansi, panalibe anafunsa Afisa. Ndinawauza kuti akonze tsiku lomwelo. Anati akonza mawa.

Mawa lija linabala ana. Sabata zinadutsa, kompyuta ikulira m'mawa uliwonse, ndipo a Peterson anayamba kubwerera m'thupi. Anagula malaya atsopano. Nthawi yofika Afisa ikayandikira ankasiya chilichonse n'kukhala chete pa mpando wawo. Vuto linali lakuti tebulo lawo linali panjira ya tiyi, ndipo maso a anthu alibe mpanda. Antchito ambiri anali atsopano, Dailesi sanamuone. Iwo ankangoona dzina la mtsikana wokwatiwa kumene likuitana bambo wamasiye kuti bambo a Jacob, n'kumawafunsa za mankhwala. Akale omwe ankadziwa anagawikana: ena ankati mzimu wa Dailesi wamulowa mwanayo, ena ngati Morris ankadziwa bwino kuti ndi makina koma nkhaniyo inkawakomera. Tsiku lina a Peterson, popereka pepala kwa Afisa, lilime linawaterereka n'kunena kuti, "Landirani, mayi a Jacob." Ofesi yonse inamva. Azimayi anasiya kudya naye. Afisa yekha ndiye sankadziwa chifukwa chake, poti ku sikirini yake sikunkaoneka kanthu.

Mmodzi wa onyamula katundu ankapemphera mzikiti umodzi ndi Sulemani, ndipo nkhaniyo anakaifikitsa. Lachinayi lina Afisa anabwera maso ali otupa, ndipo ananditsatira kumpopi.

"Achemwali, ndalakwa chani ine? Amuna anga akuti ndimatumizirana mauthenga ndi bambo aja. Akuti Loweruka kubwera ankhoswe, mwina ndibwerere kwa amayi. Ine bambo amenewa ndimangowapatsa moni basi."

Ndinamufotokozera zonse, za Dailesi, za kodzutsa, za nambala. Ndinkayesa kuti amasuka mtima. M'malo mwake anayamba kupukuta zala zake pa nsalu.

"Ndiye kuti m'mawa uliwonse ine ndimayankhula mawu a munthu wakufa?"

Ndinapita molunjika ku kachipinda ka seva komwe a Peterson ankadyera mkate wawo, ndinatseka chitseko, ndipo ulemu ndinausiya panja.

"Bambo a Jacob, mkulu wa mpingo wathunthu, mukufuna banja la mwana wa eni ake lithe chifukwa cha kamzere kamodzi?"

"Ine mwana uja sindinamukhudze, mayi Joan."

"Mwamukhudza dzina! Mukufuna mumukhudzenso pati? Koperani fayiloyo mupite nayo kunyumba, muziiwerenga mmene mungafunire."

"Kopi ndili nayo kale," anatero. "Koma kopi siyankhula. Imangokhala. Kuti kayankhule mpaka munthu afike, akhale pa mpando, alowe." Anapinda pepala la mkate pang'onopang'ono. "Ndikudziwa kuti si iyeyo. Musandione ngati wamisala. Koma ikalira, pamakhala kanthawi kochepa, ndisanawerenge dzina lili pamwambalo, kamene ndimaiwala kuti ndikudziwa. Tsiku lonse ndimakhalira kanthawi kameneko."

Mkwiyo wanga unaphwa, koma sindinalole kuti aone. Ndinawauza kuti akapanda kukonza ndikauza Owais, ndipo Owais sachedwa. A Peterson anafunsa kuti kwa Afisa ku Bangwe amatsikira pati.

Loweruka titaweruka masana anakwera minibasi, ine n'kuwaperekeza. Anakhala pa mkeka pakati pa anthu osawadziwa, chipewa chili pa bondo, n'kufotokoza zonse osabisa: za mkazi wawo, za mmene ankalowera m'dzina lake m'mamawa, za kamzere kodumpha kaja, ndiponso kuti anadziwa kuyambira tsiku loyamba koma anasiya dala. Sulemani poyamba ankayang'ana kumbali nsagwada zitalimba, koma pomaliza anali atazolika. Amalume ake a Afisa, bambo wa ndevu zoyera, ndi amene anatseka nkhani.

"Tamva, bambo, ndipo pepani ndi maliro. Koma mwana wathuyu ali ndi dzina lake. Asayankhulenso mawu a malemu, ngakhale kamodzi. Zikachitikanso, ntchitoyo asiya."

"Sizichitikanso," anatero a Peterson.

Lolemba analawirira kuti akonze anthu asanafike, koma anapeza magetsi atazima, jenereta ilibe dizilo. Inali nthawi ija mafuta ankasowa. Magetsi anabwera tonse titakhala kale m'malo mwathu. Seva itadzuka, aliyense anayamba kulowa, kupatula Afisa. Iye anakhala manja ali pamiyendo, kiyibodi osaikhudza, akudikira.

Ndinapita kukaima pambali pa a Peterson. Sikiripiti inali yotsegula pa sikirini, kamzere kodumpha kaja kali pakati. Dzanja lawo linali pa kiyibodi koma silinkayenda. Ineyo amene ndinawakalipira Lachinayi, ndinawerama n'kuwanong'oneza.

"Ndikhoza kumupempha alowe kaye kamodzi, kotsiriza. Ine ndiima apa, palibe aone."

Anapukusa mutu. "Amalume ake anati ngakhale kamodzi."

Anafufuta kamzereko. Anasunga fayilo, analemba dzina la sikiripiti, n'kudina. Mayina a mafoda anayamba kutsika pa sikirini limodzi ndi limodzi, dispachi, kashiya, mainvoisi, sitoko. Ya mainvoisi inadutsa ngati zinzake zonse, osachedwapo n'komwe. Kenako makina anaima n'kumadikira lamulo lina.

Ndinatembenuka n'kugwedezera Afisa mutu. Anapukuta manja, analemba dzina lake ndi pasiwedi, pulogalamu ya mainvoisi n'kutseguka. Posakhalitsa pulinta yake inayamba kukokera pepala. Madalaivala anayamba kulowa ndi phokoso lawo, Morris akukuwa za lole ya ku Mulanje. A Peterson sanacheuke. Anakhala chiwongokere, maso ali pa sikirini, manja ali pa mawondo. Ndinaimabe pomwepo, ngakhale ntchito inkandidikira.

Patapita nthawi anandifunsa, osandiyang'ana.

"Walowa?"

"Eya, bambo a Jacob," ndinatero. "Walowa kalekale."